Khosi Lidandiyang'anitsa Apongozi Misa Yonse

Abale anga, nkhani iyi ndikangoiyamba akazi anga amatuluka panja kukasekera kuseri kwa nyumba. Inunso sekani, palibe kanthu. Koma mudziwe kuti padatsala pang'ono kuti akazi amenewa akhale a munthu wina. Ndipo mlandu wake sudali wa mowa ayi, sudalinso wa mtsikana wina. Udali wa khosi. Khosi langa lomweli.

Nthawi imeneyo nkhondo ya azungu idali itatha zaka zingapo, ine ndili mnyamata wa ndevu zitatu, kwathu kufupi ndi Fonte Boa. Kusikola ndidangolawako, kuwerenga ndidachita kudziphunzitsa ndekha pa mapepala okulungira sopo. Kenako ndidasesako pakhonde pa chipatala cha a Irima, masisitere a kumishoni, miyezi iwiri (miyezi iwiri yokha, koma mukadandimva ndikulankhula mukadati ndidaphunzira ku Lisiboa). Kuyambira pamenepo m'mudzi adandipatsa dzina loti a Dotolo. Ena ankati ndine telefoni ya ku Vila, kutauni kwathu kuja, poti nkhani inkafika kwa ine isadafike kwa mwini wake. Ine ndinkayesa akundiyamikira!

Ndiye ndidatomera Rozina, mwana wa a Nambewe a kutsidya kwa dambo. Maina athu adali atalengezedwa kale m'tchalitchi kawiri, kudatsala kachitatu kokha, kenako ukwati. Inu mukudziwa kuti ukwati usadadalitsidwe munthu akhoza kupita kwa a Padiri nkukati, "Ayi, izi ziime." Ndipo amene ndinkaopa kuti angapiteko adali a Nambewe eni ake. Adali atauza kale amalume anga a Zuze, amene adali ankhoswe anga, kuti, "Mnyamata wanuyo manja ali nawo, kulima amalima. Koma pakamwa pake palibe chitseko, ndipo ulemu sindidauone."

Chimene chidawanenetsa choncho ndikuuzeni, ngakhale chikundichititsa manyazi.

Mkulu wake wa Rozina, alamu anga a Firimina, adali ndi khanda dzina lake Kalitu. Mwana ameneyu adabadwa kamutu kali kogonera paphewa limodzi, kachibwano kataloza kwina, ngati nkhuku yosuzumira kabawi. Anthu adanena zambiri. Ena amvekere amulodza, ena amvekere amake ali ndi pakati adaseka munthu wolumala. A Nambewe adangomupapasa m'khosi, nkupeza kotupa kolimba ngati nyemba, nkuti, "Palibe mfiti apa. Mtsempha wa mbali iyi ngwaufupi, mwanayu adagona mopindika m'mimba." Adakamuonetsa kwa a Irima, ndipo nawonso adati ndi zomwezo. Ndiye m'mawa uliwonse a Nambewe ankamudzoza mafuta a nsatsi, nkumamucheutsa pang'onopang'ono, ngati munthu wotsegula chitseko mwana ali m'tulo. Poyamwitsa, pomugoneka, pomusewera, ankauza a Firimina kuti azikhala mbali yovutayo, kuti mwana pofuna amake azicheuka yekha.

Miyezi idapita, ine nkumaona kuti zikuchedwa. Tsiku lina ndili pabwalo pawo ndidatsegula pakamwa.

"Alamu, mukutaya nthawi. Khosi lili ngati chiwongolero cha bisikileta. Chikapindika umapana gudumu m'miyendo, nkupotokola kamodzi, khwaa! Basi chawongoka."

"A Dotolo," adatero a Firimina, "mwana wanga si bisikileta."

Osadziwa kuti kuseri kwa nkhokwe kuli a Nambewe, akusankha nyemba. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, salankhulananso mwachindunji. Mukakumana panjira, iwe mkamwini umapatukira patchire, nkunjuta, nkhope nkulozetsa kumbali mpaka adutse. Akafuna kukuuza mawu amatuma munthu. A Nambewe adatuma khanda.

"Kalitu," mawu adachokera kuseri kwa nkhokwe, "uwauze alendowo kuti chaona mnzako chapita."

Mwambiwo sadaumalize. Adausiya pomwepo kuti ndikaumalize ndekha.

Loweruka lake la kulengeza kwachitatu tidali kudimba kwawo, kukumba mbatata ya kachewere. Mwezi wa Junyu, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Tidadzaza saka yaikulu mpaka kukamwa. Anthu anzeru akadaigawa pawiri, kapena kudikira bisikileta. Koma Rozina adali pomwepo akuyang'ana, ndipo ine ndidafuna kuti a Nambewe amve kuti mkamwini wawo ndi ng'ombe.

"Nditwikeni!" ndidatero.

"Nayi nkhata," adatero a Firimina, akupinda kansalu.

"Nkhata ndi za akazi, alamu."

Adanditwika. Kuchokera kudambo kukafika kumudzi ndi chitunda chokhachokha. Pakati pa chitundacho phazi lidaterereka, saka nkupendekera kumanja, m'khosi nkumveka thi! Ine ndidamwetulira (Rozina adali pambuyo panga, ndikadatani?). Ndidafikitsa, nkutula, nkukana ngakhale madzi akumwa. Kunyumba ndidafikira kugona chotsamira chipika, pafupi ndi chitseko cha bango chimene chinkalowetsa mphepo ngati sefa.

Kutacha, mayo ine! Khutu lamanja likufuna kugona paphewa, chibwano chaloza kumanzere, khosi lili gwa ngati mpini. Kuyesa kucheukira kumanja, ngati wina wandibaya ndi msomali wamoto. Ndidakhala pamphasa nkumadziuza kuti, iwe ndiwe Dotolo, mankhwala ake ukuwadziwa. Ndidagwira mutu ndi manja awiri, lina pachibwano lina pankhongo, nkuwerenga kufika katatu.

Khwaa!

Abale, ndidaona nyenyezi dzuwa litatuluka. Mfuu imene ndidakuwa mbuzi zidathyola khola. Ndipo khosi, m'malo mobwerera, lidapitirira kumanzere komweko.

Amalume adabwera akuthamanga, bulangete lili paphewa.

"Kwagwanji, Dotolo?"

"Palibe, malume."

"Nanga ukuyang'ana chiyani kukhomako?"

"Palibe, malume."

"Nanga bwanji ukundilankhula ndi khutu?"

Nditawauza adakhala pansi nkuseka mpaka kutsokomola. Atatha adati, "Tiye kwa a Nambewe Misa isadayambe. Makosi amawadziwa ndi iwo."

Kwa a Nambewe? Ine? Wa chiwongolero cha bisikileta uja? Ndidati bola kufa.

"Ndiye khala pakhomo."

Zimenezonso sizikadatheka. Mwamuna wosaoneka tsiku lolengeza kachitatu anthu amati wathawa ukwati, ndipo pofika masana akhala atamuona kale pamalire akulowera ku Nyasalande. Ndidawachonderera amalume kuti asauze munthu. Adandibwereka kazako yawo, jekete lija la ku Sozibele, ine nkuimika kolala kuti ibise. Ndidayesa kukwera bisikileta, koma munthu amapita kumene akuyang'ana: ndidakathera mumpanda wa khonje. Ndiye tidayenda wapansi, amalume kutsogolo, ine pambuyo chammbali ngati nkhanu. Aliyense wokumana naye ankacheukira kumanzere kuti aone chimene a Dotolo aona.

Chinthu chimodzi sindidachiganizire. M'tchalitchi mwathu amuna amakhala kumanja, akazi kumanzere.

Ndidalowa, nkugwada pabenchi. Thupi lidaloza kuguwa bwinobwino ngati la Mkhristu aliyense. Nkhope idaloza kwa azimayi. Ndipo mwa azimayi onse a m'dziko la Angoni, amene adakhala pomwe padagwera maso angapo adali a Nambewe, atavala duku latsopano. Maso anga tong'o pa iwo.

Ndidati nditsinzine. Sipadapite nthawi, a katekisita, amene amayendayenda ndi kabango kodzutsira ogona, adandigogoda pamutu. "Osagona pa Misa!" Ululu udatsika mpaka m'chiuno, maso nkutseguka okha. A Nambewe ali pomwepo.

Ndidati nditembenuze thupi lonse kumanja kuti nkhope iloze kuguwa. Zidatheka ndithu, koma tsopano mawondo anga ndi manja opembedza zidaloza kwa mdala wina amene adagwada pambali panga.

"Mwana iwe," adanong'ona, "ukupembedza ine? Guwa lili uko."

Ndidabwerera. A Nambewe ali pomwepo.

Tsono ululu ukakula nkhope imachita zake. Mano adayamba kuonekera okha, diso limodzi nkumaphethira. Ine ndikumva ngati ndikufa, koma woona patali ankaona mnyamata akusekerera apongozi ake nkumawatsinzinira diso. Azimayi adayamba kukodolana. A Nambewe adayang'ana kuguwa, adayang'ana pansi, adayang'ana kudenga, pomaliza adakoka nsalu nkufunda kumaso.

Ndiye idafika nthawi ija. A katekisita adaimirira ndi pepala, nkutchula dzina langa ndi la Rozina, kachitatu komaliza. Tchalitchi chonse chidacheuka kuti chione mwini ukwati. Chidamupeza mwini ukwati mano ali pamtunda, maso ali pa amake a mkwatibwi. Kudamveka kuti "Hiii!" kuchokera kumanzere konse. Rozina adaweramitsa mutu mpaka duku kukhudza benchi.

Misa itangotha ndidatuluka ngati wakuba nkhuku, nkulowera kanjira kakuseri kodzera m'minda. (Telefoni ya ku Vila, wodziwa nkhani za aliyense, ndidaiwala kuti kanjira kameneko ndi kamene amadzera a kutsidya kwa dambo.) Ndisadafike patali ndidamva mapazi pambuyo. Kutembenuka thupi lonse, ndi iwo: a Nambewe patsogolo, a Firimina atabereka Kalitu, Rozina pambuyo.

Ndidati apa ndiye pokonzera zonse, ndionetse ulemu. Ndidadumphira patchire nkunjuta. Koma ndidadumphira kumanja kwa njira, ndiye njira idatsala kumanzere kwanga, kumene kudali nkhope. A Nambewe pofika adapeza mkamwini wanjuta mwaulemu ndithu, manja ali pamodzi, koma maso ali pa iwo ngati kadzidzi. Ndidayamba kuzungulira chonjuta kuti ndibise nkhope, uku ndi uku ngati thadzi lofuna poikira, mpaka chidendene chidakodwa m'kazako, ine chagada, phi! Ndipo ngakhale pogwapo nkhope idagwa yoloza kwa iwo.

A Nambewe adaima. Sadakweze mawu. Adalankhula ndi khanda lili kumbuyo kwa amake.

"Kalitu, tiye tibwerere. Tikawapeze a Padiri asadavule mkanjo. Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wondichita chipongwe m'nyumba ya Mulungu, nkudzanditsatiranso kutchire."

Ndipo adatembenukadi. Ndidaona misozi ya Rozina ikugwera pa bulauzi yake ya pa Dumingu, yovala kutchalitchi. Pamenepo amalume adatulukira akupuma wefuwefu.

"Nena, iwe! Chaka chonse pakamwa pako sipatsekeka, lero ndiye pamera udzu? Ukapanda kunena ndinena ndine!"

Abale, ine amene ndinkatha kulankhula kuchokera ku Fonte Boa mpaka ku Domwe osameza malovu, mawu adandithawa. Kuvomera kudali kowawa kuposa khosi. Koma a Nambewe adali atayenda kale mapazi asanu kulowera kumishoni. Ndidagwada m'fumbimo, ndipo poti ndi apongozi sindikadalankhula nawo, nanenso ndidatuma yemwe uja.

"Kalitu," ndidatero, "uwauze agogo ako kuti si chipongwe. Khosi lauma. Kuyambira m'mawa sindikutha kucheuka."

A Firimina adandizungulira pang'onopang'ono, nkukaima kumanja kwanga.

"A Dotolo!"

Ndidatembenuka thupi lonse ngati saka ya mbatata. Alamu anga adakhala pansi pomwepo, mwana ali kumbuyo, nkumamenya nthaka ndi dzanja uku akuseka. Mwendo m'mwamba, misozi mbwembwembwe.

A Nambewe adali atandifulatira. "Kalitu," adatero, "uwafunse. Chiwongolero adayesa kuchiwongola?"

"Uwauze kuti ndidayesa."

"Chidawongoka?"

"Uwauze kuti chidaonjeza."

Mapewa a a Nambewe adagwedezeka. M'nsalu mudatuluka kaphokoso (iwo mpaka lero amati chidali chifuwa). Kenako adayamba kuyenda, koma osati kulowera kumishoni. "Kalitu, uwauze tipite nawo kwathu. Aziyenda kutsogolo, asationenso."

Pabwalo pawo adayala mphasa, nkukhazikapo odwala awiri: Kalitu ndi ine. Mwanayo khosi lake lidali litatsala pang'ono kuwongokeratu, ndiye adandiyang'ana mowongoka bwino, ine nkumamuyang'ana chammbali. A Nambewe adakhala kuseri kwa nkhokwe yomwe ija, mafunso nkumadzera mwa Kalitu. Thupi latentha? Ayi. Mutu ukuwawa, kapena kusanza? Ayi. Pomeza pakupweteka, m'khosi mwatupa? Ayi.

"Chabwino," adatero. "Chifukwa khosi louma la thupi lotentha si la nsatsi, limenelo ndi lothamangira nalo kwa a Irima tsiku lomwelo. Ananso akatupa m'khosi ndi zilonda za pammero amapendeka chomwechi, ndipo amafunika kuchipatala. Koma ili ndi la saka, la chipika ndi la matama. Firimina, tereka madzi."

Apongozi sangakhudze mkamwini, ndiye ntchito idagwera alamu, amene mwambo umawalola kukunyoza mmene angafunire. Ndipo sadauphonye mwayiwo. Adanyika nsalu m'madzi ofunda nkumandithowa, uku akuyankhula.

"Ndi nsalu yomwe ija iyi, a Dotolo. Dzulo mudaikana ili nkhata, lero mwailandira."

"Pepani alamu, pang'onopang'ono."

"Kapena ndikupaneni m'miyendo? Kamodzi kokha, khwaa, basi."

"Ayi alamu, chonde!"

Atathowa adadzoza mafuta a nsatsi, nkumasisita mofatsa kuchokera kuseri kwa khutu kutsikira paphewa. Kuseri kwa nkhokwe malangizo ankabwera: osakakamiza, osapotokola, mtsempha wokwiya umafuna kunyengerera. Ndidamva khosi likuyamba kufewa pang'ono, ngati dothi la Okutobala likalawa mvula yoyamba.

"Tsopano acheuke yekha," adatero a Nambewe.

"Amayi," adatero a Firimina, "wamng'onoyu timamuitana ndi bere. Nanga wamkuluyu timuitana ndi chiyani?"

Amalume adatsamwa ndi fodya. Ine ndidafuna nthaka ing'ambike. Ndidakumbukanso kuti za kwa a Padiri zija a Nambewe adali asadazibweze.

"Rozina," adatero a Nambewe, "kaime kumanja kwa amuna akowo."

Amuna akowo! Mudamva? Ine ndidamva ndi makutu onse awiri, ngakhale logonera paphewa lija.

Rozina adabwera nkuima kumene sindinkatha kumuona. Mawu ake adali adakali ndi mkwiyo pang'ono.

"Misa yonse mumayang'ana amayi. Tayang'anani ine tsono."

Ndidayesa. Khosi lidasuntha mwina utali wa chala chimodzi, nkuona nsonga ya duku lake basi. Mawa lake ndidabweranso: kuthowa, mafuta, Rozina kumanja. Ndidaona khutu. Mkuja wake tsaya. Tsiku lachinayi ndidamuona nkhope yonse, ndipo adali akuseka. Kuti khosi lipolerethu padapita sabata yathunthu, ndikugona chotsamira nsalu yopinda, kutali ndi chitseko.

Ukwati udachitika. M'tchalitchi tsiku limenelo ndidayang'ana kuguwa mwamphamvu moti a katekisita adandifunsa ngati lauma kachiwiri. Anthu adatipatsa mbale, nkhuku, mphasa. A Nambewe adatumiza mphatso yanga payokha, yokulunga bwino m'tsamba la nthochi. Kutsegula, nkhata. Ilipo mpaka lero, ili pamwamba pa chitseko.

Mukuganiza kuti ndidaphunzirapo? Za khosi ndidaphunzira ndithu. Masiku ano ndikangomva kuti wina wadzuka khosi litauma, kapena kwabadwa mwana wopendeka mutu, ndimafika madzi asadafunde. Ndimafotokoza zonse: osapotokola, thowani, dzozani, khalani mbali yovutayo, thupi likatentha thamangani kwa a Irima. Ndimafotokoza ngati ndidazitulukira ndekha, mpaka wodwalayo amayamba kuyang'ana kumbali, kaya ndi khosi kaya ndi kutopa. Zikafika pamenepo akazi anga amabwera mwakachetechete, nkuima kumanja kwanga, nkuti, "Bambo, tacheukirani kuno." Ndipo ndimacheuka.

Khosi adalichiritsa a Nambewe. Pakamwa pokha ndi pamene akuti mafuta ake sadawapezebe.